Kulira kwa Nkhanga: Kanema wa Mai Rungano Nyoni

Nkhani yathu lero iyambira kwa Mburuma, m'boma la Luangwa limene makolo athu ankalichula kuti Feira, kuja mtsinje wa Luangwa ukomana ndi Zambezi. Mwana ali yense wokulira m'dziko limenelo adziwa nkhanga. Adziwa kuti mbalame imeneyi iri ndi maso akuthwa, ndi kuti ikaona cirombo kapena munthu wa mfuti siikhala cete: imalira kolimba mpaka chire lonse limva, ndipo nyama zina zomwe zithawa. Mlenje adana nayo cifukwa imamuulula. Sungani mbalame imeneyi mumtima, pakuti tidzakomana nayonso m'kanema wa mai wina wobadwira mu Lusaka, amene dzina lao lamveka m'maiko ambiri a kutsidya la nyanja. Dzinalo ndi Mai Rungano Nyoni.

Akuru akuru a ku migodi akumbukira baisikopo ya m'komboni ya zaka za m'ma 1950. Anthu ankasonkhana pabwalo madzulo, ndipo ambiri ankadzera makauboi a ku America. Ngwazi ya m'kanemamo ankaichula Jack, ngakhale dzina lace likhale lotani. Kanema wotere sanali wobvuta kumva. Woipa adziwika, wabwino adziwika, nkhonya zikatha wabwino apambana, ndipo anthu apita kukagona mitima iri pansi. Munthu wofika kwa Mai Nyoni ndi maso amenewo adzacoka wodandaula, nanena kuti kanemayo alibe mutu. Cifukwa cace ndifuna kukufotokozerani kapenyedwe kace.

Poyamba tidziwe nchito ya mwini kanema. Pokonza kanema pakhala anthu ambiri: osewera, wogwira kamera, osoka zobvala, oyang'anira nyimbo. Pamwamba pa onsewa pali mmodzi amene Azungu amuchula kuti director, ndiye mtsogoleri wa kanema. Iye saoneka pa cithunzi, koma ndiye asankha cimene diso lanu lidzaona, cimene cidzabisika, ndi nthawi imene cinthu cidzakhala pamaso panu. Afanana ndi agogo osimba nthano pamoto usiku. Nthano ndi ya onse, koma agogo ndiwo adziwa pofulumira, poima, ndi poyambitsa nyimbo. Mai Nyoni amalembanso okha nkhani za kanema wao, kotero kuti mau ndi zithunzi zicokera m'mutu umodzi.

Iwo anabadwa m'caka ca 1982, ndipo akali mwana banja lao linasamukira ku Wales, m'dziko la Britain. Anaphunzira za malonda ku Birmingham, ndipo pambuyo pace za masewero mu London. Anayamba ndi makanema aafupi, monga Mwansa the Great wa 2011. Kanema wao woyamba wautali, I Am Not a Witch, ndiko kuti Sindine Mfiti, anaonetsedwa mu 2017 ku Cannes, m'dziko la France, pa msonkhano waukuru wa makanema wocitika caka ndi caka, ndipo mu 2018 analandira naye mphoto ya BAFTA mu London, yopatsidwa kwa wongoyamba kumene amene waposa anzace. Waciwiri, On Becoming a Guinea Fowl, ndiko kuti Kusanduka Nkhanga, anawapezetsa mu 2024 mphoto ya mtsogoleri wopambana m'gawo lochedwa Un Certain Regard ku Cannes komweko, imene anagawana ndi Roberto Minervini wa ku Italy.

M'kanema woyambayo mudzamva Cinyanja cathu comwe, pamodzi ndi Ciwemba ndi Cingerezi. Mtsikana wamng'ono wosafika zaka 10 aoneka pamudzi, wopanda mai, wopanda mbale womlankhulira. Mkazi wina wocokera ku madzi agwa ndi ndowa yace ataona mwanayo ali ciriri panjira, ndipo basi, mlandu wabadwa. Pamaso pa wapolisi mboni zicuruka. Mwamuna wina asimba kuti mwanayo anamdula mkono ndi nkhwangwa, pamene mikono yace yonse iwiri iri pomwepo, kenaka abvomera kuti anali maloto. Mwanayo sabvomera, sakananso. Amtumiza ku msasa wa mfiti, kumene nkhalamba zazikazi zimcha dzina lakuti Shula. Mkazi ali yense wa pamsasapo ali ndi kansaru koyera, kopyapyala, kotalika kwambiri, komangidwa kumsana kwace, ndipo nsonga ina yakulungidwa pa cimtengo cozungulira conga ca ulusi wa makina osokera, koma cacikuru ndithu. Ati kansaruko kawaletsa kuuluka. Shula amuuza kuti asankhe yekha: akakadula asanduka mbuzi, akakasunga akhala mfiti.

Misasa ya akazi onenedwa ufiti iriko ndithu kumpoto kwa Ghana, ndipo Mai Nyoni anakakhala pa msasa wina kumeneko pokonzekera nkhaniyi. Koma tinsaru tija anatipeka okha, ndipo apa mpamene luso la mtsogoleri lionekera. Dzina loipa limene anthu amangirira pa mnzao silioneka ndi maso. Nkhalamba yonenedwa ufiti pamudzi iribe cingwe m'cuuno, koma singapitenso ku citsime, ku maliro kapena ku chalichi monga kale; mapazi ace alekeza pomwe mbiri yace iwalola. Mai Nyoni anatenga cinthu cosaonekaco nacisandutsa kansaru koyera, kokongola, kopepuka, kamene mwana angathe kudula ndi mpeni wosendera mbatata. Comletsa kudula ndi mantha okha.

Penyaninso amene agwira nsonga inayo ya kansaru. Pali Bambo Banda, wanchito wa boma wa m'nkhaniyo, amene mbali yace anasewera ndi Henry B. J. Phiri. Iye atenga Shula kukaloza mbala pamlandu, kukaitana mvula, ndi kukachukitsa malonda a mazira pa wailesi ya kanema. Alendo odzaona dziko ajambula akaziwo zithunzi kuseri kwa mpanda, ndipo nkhalamba zija zigwira nchito m'minda yosakhala yao. Kanemayu sataya nthawi kukangana ngati ufiti uliko kapena kulibe. Funso lace ndi ili: mwana akachedwa mfiti, adya ndani? Lamulo la za ufiti la dziko la Zambia, limene linayamba mu 1914, liletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, komabe m'midzi ndi m'makomboni cala cikali kuloza, ndipo kawiri kawiri ciloza wofooka, wopanda womuimira.

Mudzaseka kwambiri poona kanemayu, monga pamene Bambo Banda alikuyankha lamya ya nchito ali m'bafa, mkazi wace alikumsambitsa. Kuseka nkololedwa, pakuti ndiyo nyambo, monga m'nthano za Kalulu. Koma mukaseka, fulumirani kuyang'ana nkhope ya mwanayo. Maggie Mulubwa, amene anasewera mbali ya Shula, alankhula mau owerengeka m'kanema yense, ndipo kamera ikhala pa maso ace nthawi yaitali mwadala, kufikira inu oseka muyamba kucita manyazi. Mathero ace sindikuuzani onse. Mvula imene anthu anaifuna ibwera nthawi itatha, ndipo cotsala pamaso panu ndi tinsaru toyera tilikuuluzika ndi mphepo popanda munthu, ndi kulira kwa mbuzi capatali. Tanthauzo lace mukambirane nokha.

Kanema waciwiri alankhula makamaka Ciwemba, cimene inu a ku migodi mucimva bwino. Muli Shula wina, mai wacikulire wophunzira, amene mbali yace anasewera ndi Susan Chardy. Alikucokera ku phwando usiku pa galimoto yace, ndipo apeza mtembo wa amalume ace, a Fred, uli gone pamseu. Salira. Maliro ayamba, ndipo ali yense wa ife adzaizindikira nyumbayo. Amai aakuru ndi amai aang'ono amdzudzula cifukwa ca maso ouma. Atsikana aphika usana ndi usiku pamene amuna ali panja kudikira cakudya. Mkazi wamasiye, amene anakwatiwa akali mwana, amnenera kuti sanasamale mwamuna wace, ndipo abale a malemu maso ao ali pa nyumba ndi katundu. Pang'ono pang'ono cobisika ciululika: malemuyo anagwirira Shula ali mwana, anateronso ndi abale ace awiri, Nsansa ndi Bupe, ndipo akuru a banjalo anadziwa, koma anasankha kusunga dzina la banja.

Poona kanema ameneyu werengani amene alankhula ndi amene akhala cete, amene akhala pampando ndi amene agwada. Pali nthawi ina pamene amai aja aunjikana ndi atsikanawo m'kacipinda kosungiramo zakudya, nawakumbatira, nalira nao ndi kuwaimbira. Cikondi cao ncoona, ndipo cikondi comweco ndico citseka pakamwa pa ana. M'kanema wa makauboi cinthu cotere sicikadatheka, pakuti kumeneko munthu akhala woipa kapena wabwino basi. Kuno woipa wafa kale kanema asanayambe bwino, ndipo otsala ndi anthu onga ife, okondana, ogona pamodzi pa mphasa za pamaliro, koma oopa manyazi koposa kuopa kuonongeka kwa mwana.

Za katundu wa masiye si zopeka. Lamulo la 1989 linena kuti munthu akamwalira osasiya kalata yogawira cuma cace, magawo 50 mwa 100 ndi a ana, 20 ndi a mkazi kapena mwamuna wamasiye, 20 a makolo a malemu, ndi 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Nthaka ya mwambo siilowa m'lamuloli. Inu amene mwagwira nchito ya mumgodi zaka zambiri, nimumanga nyumba ndi thukuta lanu, yang'anani mkazi wamasiye wa m'kanemayu, ndipo mudzifunse cimene cidzacitikira wanu tsiku limene simudzatha kumlankhulira.

Tsono nkhanga ija iri kuti? Shula akumbukira phunziro la ana limene anaonera pa wailesi ya kanema ali wamng'ono, lonena kuti nkhanga ikaona cirombo imalira kucenjeza nyama zonse za m'chire. Pomaliza, pamene mabanja awiri alikukangana za katundu, Shula abwera pamodzi ndi ana, ndipo coturuka pakamwa pace ndi kulira kwa nkhanga. Kanema athera pomwepo. Sitiuzidwa ngati akuru anamva, kapena ngati mkazi wamasiye anatsala ndi nyumba. Ena adandaula kuti nkhaniyo yadulidwa pakati. Ine nditi yafika pofunika. Pabwalo la mfumu mboni zikatha kulankhula zikhala pansi, ndipo mlandu utsala m'manja mwa oweruza. Mai Nyoni abweretsa mboni, ndipo oweruza ndife oonera.

Nali langizo langa. Kwa Mburuma nkutali ndi nyumba za kanema za mu Lusaka, koma masiku ano kanema afika ndi pa lamya ya m'manja. Mukampeza, musaonere nokha. Itanani akazi anu, alongo anu, ndi anzanu a ku nchito; waciwiriyo ndi wa akuru okha, ana aang'ono akagone. Ngati nkutheka onerani kawiri, koyamba kuti mumve nkhani, kaciwiri kuti muone zimene mtsogoleri anaika pambali pa olankhula. Akatha, musabalalike msanga monga anthu ankacitira ku baisikopo ya m'komboni. Khalani pansi, mufunsane kuti pa banja panu mwana akadza ndi mau olemera adzauza yani, ndipo adzamkhulupirira ndani. Akale anati nkhanga zinapangana kusanapse. Zotere nzofunika kupangana maliro asanagwe, onse akali ndi moyo.