Mzu wa Cifuwa wa ku China Umene Unayamba Kubisala

Nyengo yacisanu ikafika muno m'cigwa ca Luangwa, cifuwa cimalowa nyumba ndi nyumba, ndipo ife a ku Chikwa timayamba tathamangira ku thengo tisanaganize za cipatala. Si ife tokha ai. Anthu a ku China naonso ali ndi mzu wao wa cifuwa, woyera, wobulungira ngati kanyezi kakang'ono, umene amaucha bei mu. Akatswiri a zomera amati Fritillaria. Kwa zaka zoposa 2,000 asing'anga a kumeneko akhala akuuumika ndi kuusinja kuti uthandize wodwala kucotsa makhololo.

Mtundu wina wa comera cimeneci umapezeka pa miyala, pamwamba pa mapiri ozizira a Hengduan. Umakula mocedwa ndithu, pakuti duwa loyamba limaoneka patapita zaka zisanu, ndipo wofuna kukwanitsa kilo imodzi ayenera kukumba timizu toposa 3,500. M'caka ca 2020 akatswiri a ku Kunming ndi ku Exeter analengeza cinthu codabwitsa. Kumene okumba safikako kawirikawiri, masamba ake ndi obiriwira, koma kumene anthu anakumba kwambiri ndi otuwa monga miyala yomweyo. Zobiriwira zinali kuzulidwa msanga. Zimene diso la wokumba linaphonya ndizo zinabala mbeu.

Nditamva zimenezi ndinakumbuka zaka za kumapeto kwa ma 1990, pamene mzu uja amati African potato unadzaza misika ya m'matauni, anthu nati uciritsa Edzi. Anaukumba mopanda cifundo, koma kacirombo sunakaphe. Amene anatsitsimutsa abale athu ndi ma ARV.

Ine sindinyoza mizu, pakuti amai anandilera nayo. Koma pa nchito yanga ya ukatekisti ndatsogolera mapemphero pa maliro a anthu amene anatsokomola miyezi yambiri, akumwa mzu uwu ndi uwo, kufikira anayamba kulavula magazi. Cinali cifuwa cacikulu ca TB, cimene ngakhale bei mu wodula uja sangaciciritse. Mukatsokomola milungu iwiri osaleka, makamaka ngati mukuonda ndi kutuluka thukuta usiku, pitani nao makhololo akapimidwe. Mankhwala ake amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa.