Kodi mumadziwa? Khobidi lobowoka pakati

Ku Malomo, m'boma la Ntchisi, agogo ena amasungabe m'kachitini makhobidi obowoka pakati, olembedwa Rhodesia and Nyasaland. Anayamba kusulidwa mu 1955: la peni lili ndi njovu ziwiri, la hafupeni lili ndi akadyansonga awiri. Kwacha ndi tambala zinadzabwera mu 1971.

Kukhalitsa kokha sikukweza mtengo. Makhobidiwa anasulidwa mamiliyoni ambiri, choncho lofufutika amaligula motchipa. Osonkhanitsa zinthu zakale amafunsa chaka chake, kusowa kwake, n'kulipenda ngati makutu ndi minyanga ya njovuzo zikuonekabe bwino. Kulikwecha ndi phulusa kapena mchenga kuti liwale ndiye kuliononga, mtengo umagweratu.

Ku America amapenda chimodzimodzi makadi a osewera baseball. Amawapatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10, ndipo kona imodzi ikapindika malikisi amatsika. Alimi a fodya a ku Dowa ndi Ntchisi angadabwe kumva kuti pakati pa 1909 ndi 1911, kampani ya American Tobacco inkalowetsa makadiwa m'mapaketi a ndudu. Kadi ya mmodzi mwa osewerawo, Honus Wagner, yomwe anasindikiza zochepa kwambiri, inagulidwa pa madola 7.25 miliyoni mu 2022.