Mota Ikakana Kuzungulira

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo amaona minda ya tiyi yobiriwira uku ndi uku, yosalala ngati mphasa. Tiyi adayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo pambuyo pake adafikanso ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, idatsegulidwa m'chaka cha 1923. Pakati pa minda imeneyi pali mafakitale, ndipo makina a m'mafakitalewo amayendetsedwa ndi mamota a magetsi.

Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi amaphuka kwambiri. Othyola amatenga nsonga pamodzi ndi masamba awiri anthete, naponya m'dengu la kumsana. Masambawo akayesedwa pa sikelo, thirakitala imawatengera ku fakitale. Kumeneko amawayala m'zimabokosi zazitali zokhala ndi sefa pansi, ndipo chokupizira chachikulu chimawauzira mphepo kwa maola oposa 12 kufikira atafota. Kenaka makina ena amawadula ndi kuwatikita, masamba aja amasanduka ofiirira, ndipo pomaliza amaumitsidwa ndi mpweya wotentha. Makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya tiyi wouma.

Masamba a tiyi sadikira munthu. Akaunjikana popanda mphepo amatentha okha ngati mulu wa manyowa, nawauka, ndipo tiyi wake sagulidwa pa mtengo wabwino ku msika wa ku Limbe. Thukuta la othyola limangopita pachabe. N'chifukwa chake mota imodzi ikakana kuzungulira, kapitawo amathamangira mmisiri wa zamagetsi, ngakhale pakati pa usiku.

Kodi mota imazungulira bwanji? M'kati mwake muli mawaya a kopa okulungidwa kambirimbiri, otchedwa makoyilo. Magetsi akadutsa m'makoyilomo pamabadwa mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo imakoka chitsulo chapakati kuti chizungulire. Mota zazikulu za m'fakitale zimalandira magetsi kudzera m'mawaya atatu. Mawayawa amagwira ntchito mopatsana, monga amachitira amayi atatu posinja chimanga mu mtondo umodzi: uyu akakweza munsi, winayo watsitsa, wachitatu ali m'njira. Kupatsana kumeneku ndiko kumachititsa kuti mphamvu ya maginito iziyenda mozungulira. Chitsulo chapakati chimatsatira, nichikoka lamba, lambayo nayendetsa makina.

Mmisiri wodziwa ntchito safikira pa sipanala. Amayamba ndi kufunsa munthu amene amayendetsa makinawo. Kodi mota idaima yokha, kapena yakana pomwe mumailiza? Kodi kunamveka phokoso lachilendo? Nanga utsi unatuluka? Mayankho a mafunso amenewa amamuuza kumene angayambire.

Atatero amaona ngati magetsi alipo. Magetsi ambiri a m'Malaŵi amachokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Makina a pa Nkula adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966. Kuyambira 2017 bungwe la EGENCO ndilo limapanga magetsiwa, ndipo la ESCOM limawagawa. Nthawi ya mvula mphezi kapena mtengo wogwera pa mawaya zimatha kuzimitsa magetsi dera lonse. Zikatero mota ilibe mlandu, ndipo a pa fakitale amangoliza jenereta yawo. Koma ngati makina ena onse akuyenda, vuto lili pa mota imodziyo kapena pa njira ya magetsi ake.

Apa khutu limathandiza kwambiri. Mmisiri amadina batani kamphindi kochepa, natchera khutu. Mota ikangoti zii, ndiye kuti magetsi sakufika konse. Mwina kachipangizo koteteza mota kadula magetsi chifukwa motayo inatentha mopitirira, mwina batani lafa, mwinanso makoswe atafuna waya wopita ku batanilo. Koma ikamalira kuti ng'uuu osazungulira, nkhani ndi ina. Magetsi akufika, koma mota ikulephera kunyamuka. Kawirikawiri fyuzi imodzi mwa zitatu imakhala itapsa, motero mawaya awiri okha ndiwo akugwira ntchito. Mayi mmodzi wachoka pa mtondo ndipo kupatsana kuja kwasokonekera. Mota yotere iyenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo, pakuti ikasiyidwa ikulira makoyilo amatentha msanga napsa. Anthu osadziwa amadina batani kawiri katatu poganiza kuti mota idzuka, osazindikira kuti akuipha.

Asanagwire chilichonse, mmisiri amazimitsa swichi yaikulu, naikapo loko, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Ena angaone ngati n'kutaya nthawi pomwe masamba akudikira. Koma m'fakitale muli anthu ambiri ndi phokoso, ndipo wina akhoza kuyatsa swichi osadziwa kuti mnzake wapisa dzanja m'makina. Magetsi a m'mawaya atatu aja ndi a mphamvu yokwana mavoti 400, pomwe a m'nyumba ndi 230, ndipo onse awiri amapha. Choncho ngakhale wazimitsa, amayesabe ndi mita kuti atsimikize kuti m'mawaya mulibe moto.

Akapeza fyuzi yakupsa saikapo ina mothamanga. Fyuzi ili ngati mlonda: imalolera kufa kuti mota ipulumuke, ndipo siifa popanda chifukwa. Wosintha fyuzi asanapeze chimene chaipsereza adzaona yatsopanoyo ikupsanso. Choipa koposa ndicho kumangapo waya wokhuthala m'malo mwa fyuzi. Waya wotere sadukanso, ndiye chimene chimapsa ndi mota, kapena fakitale imene.

Tsono mmisiri amachotsa lamba, nazungulitsa mota ndi dzanja. Ikazungulira mofewa, vuto lili m'makina amene imakoka. Mwina mwala kapena kachitsulo kalowa pamodzi ndi masamba n'kukakamira pa mano odulira. Ikalimba kapena kumveka kokotokokoto, ndiye kuti mabering'i atha. Mabering'i ndi timipira tachitsulo timene chitsulo chapakati chimatsamirapo pozungulira, ndipo timafuna girizi. Fumbi la tiyi nalo ndi mdani. Likamata pa mota limatseka njira za mphepo yoiziziritsa, ndipo mota imatentha ngati munthu wofunda bulangeti dzuwa likuswa mtengo.

Zonsezi zikakhala bwino, otsala ndi makoyilo. Mmisiri amanunkhiza. Koyilo yakupsa ili ndi fungo loipa losaiwalika. Amayesanso ndi mita kuona ngati makoyilo onse atatu akufanana, ndiponso ngati magetsi sakuthawira ku chitsulo chakunja. Ku Thyolo kumagwa mvula yambiri ndi nkhungu, choncho chinyezi chimalowa m'mota imene yakhalitsa osagwira ntchito. Mota yonyowa amaiumitsa pang'onopang'ono pa malo ofunda ndipo imachira. Yakupsa amaitumiza kwa amisiri okulunga mawaya atsopano, ndipo m'malo mwake amamangapo ina yosungidwa m'sitolo.

Njira yomweyi imathandizanso pa mota zazing'ono, monga ya makina ochapira zovala amene amapezeka m'zipatala ndi m'nyumba zina. Makina otere sayamba ngati chitseko chake sichinatsekeke bwino, pakuti pa chitsekopo pali kaswichi. Ambiri a iwo ali ndi kachitini kotchedwa kapasita, kamene kamakankha mota poyamba, popeza magetsi a m'nyumba sabwera m'mawaya atatu opatsana. Kapasita ikafa, mota imangolira ng'uuu ngati ya ku fakitale ija. Kachitini kameneka kamasunga moto ngakhale pulagi itazulidwa kukhoma, choncho ana sayenera kutsegula makina otere.

Ntchito ikatha mmisiri amabwezera lamba ndi chotchingira chake, nawerenga zida zake kuti sipanala isatsale m'makina. Amachenjeza onse kuti aime patali, kenaka achotsa loko uja nayatsa swichi. Sachoka msanga. Amaima pambali kwa kanthawi akumvetsera kulira kwa mota ndi kuyesa magetsi m'waya uliwonse mwa atatu aja. Akakhutira amalemba m'buku la fakitale tsiku, nambala ya mota ndi chimene chidaonongeka, kuti mmisiri wolowa m'mawa adzawerenge.