Kapangidwe ndi Kamatidwe ka Flow Cell ya mu Labotale

Asayansi akafuna kuona mmene maselo kapena tizilombo tikukhalira m'timadzi tochepa, monga kadontho ka magazi, amagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa flow cell. Kachipangizoka kamakhala ndi tingalande topyapyala momwe timadzito timadutsa pansi pa maikulosikopu. Chimangirizo chino chifotokoza mmene kamapangidwira, ndi chifukwa chake kumata ndiyo ntchito yofunika kusamala kwambiri.

Poyamba, wopanga amajambula tingalandeto pa kompyuta. Kangalande kamodzi kamatha kukhala ka maikulomita 100 m'lifupi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, pafupifupi ngati tsitsi la munthu. M'malo opapatiza chonchi madzi sawinduka monga achitira mumtsinje. Amayenda mwabata, moti madzi a mitundu iwiri amatsagana osasakanikirana msanga. Wojambula amapewa makona akuthwa chifukwa m'menemo ndi momwe thovu limakanirira.

Chachiwiri ndi kuumba. Njira yotchuka inafalitsidwa mu 1998 ndi gulu la George Whitesides la ku yunivesite ya Harvard, ku America. Iwo anagwiritsa ntchito PDMS, mphira yoonekera mkati ngati galasi. Monga woumba njerwa, wopanga amayamba wakonza chikombole, kenaka n'kusakaniza magawo 10 a PDMS ndi gawo limodzi la mankhwala oumitsira. Akachotsa thovu, amathira msakanizowo pachikombole n'kuika mu uvuni wa madigiri pafupifupi 65 mpaka utauma. Akamatula mphirayo, tingalande timakhala titadindika kunsi kwake. Apa amaboola timabowo tiwiri, kolowetsera ndi kotulutsira timadzi.

Chachitatu ndi kumata, pakuti tingalandeto timakhala tikadali totseguka mbali imodzi. Guluu wamba sathandiza chifukwa amayenderera n'kutseka njira. M'malo mwake, mphira ndi galasi amaziika m'makina a plasma ya okosijeni kwa masekondi ochepa. Plasmayo imasintha khungu la zinthu ziwirizi kotero kuti zikakhudzana zimagwirana kotheratu, ndipo wofuna kuzilekanitsa amangong'amba mphirayo. Koma ziyenera kukhudzanitsidwa mwamsanga, chifukwa mphamvu yogwiranayo imatha pakapita mphindi zochepa. Fumbi nalo ndi mdani wamkulu. Kachitsotso kamodzi kamasiya mpata, n'chifukwa chake ambiri amayamba apukuta mphirayo ndi selotepi.

Ofuna kumatsegula kachipangizoka kuti akatsuke amasankha njira ina: amaika kamphira pakati pa magalasi awiri n'kumanga ndi masikuluu. Akamanga mopepera timadzi timachucha, akamangitsa galasi limasweka.

Pomaliza, wopanga amayesa kachipangizoka popopamo madzi amtundu ndi sirinji, uku akuyang'ana pa maikulosikopu ngati mtunduwo ukutulukira m'mbali. Kuyesaku n'kofunika chifukwa magazi a wodwala amakhala ochepa, ndipo akatayika amayenera kukatengedwanso kwa mwini wake. Komanso magazi ochucha angathe kupatsira matenda wogwira ntchito mu labotale, ndipo kuchuchako kumasintha liwiro la timadzi n'kusokoneza zotsatira. Choncho wopanga wosamala saika magazi a munthu mu flow cell yomwe sinayesedwe ndi madzi.