Headless Cross: chimbale chabwino chomwe chidabadwa nthawi yolakwika

Ozzy Osbourne atamwalira pa 22 July 2025, patangodutsa masiku 17 gulu la Black Sabbath litatsanzikana ndi otsatira ake pabwalo la Villa Park ku Birmingham, nkhani idali ponseponse ya anyamata anayi omwe adayambitsa chamba cha heavy metal. Zidayenera kutero. Koma dzina la Tony Martin silidamveke kwenikweni, chonsecho mkuluyu adaimba m'zimbale zisanu za gululi, kuposa Ronnie James Dio yemwe adaimba zitatu. Mwa zisanuzo, chomwe ndikufuna tikambirane ndi Headless Cross cha mu 1989.

Kuti timvetse chifukwa chomwe chimbalechi chidanyozekera, tiyambe ndi momwe gululi lidalili. Ozzy adachotsedwa mu 1979. Dio adabwera n'kuchoka, Ian Gillan wa Deep Purple naye adangodutsamo. Pofika 1987, mwa eni ake oyamba adatsala ndi woimba gitala Tony Iommi yekha, ndipo ambiri ankati dzina la Black Sabbath langosanduka chikwangwani. Chaka chomwecho gululi lidakaimba ku Sun City, m'dziko la South Africa, pomwe oimba ena ankakana kupondako pokwiya ndi tsankho la apartheid. Apa sindingawaikire kumbuyo. Adalakwitsa, ndipo mbiri yawo idadetsedwa.

Ndiye Iommi adayambanso pansi. Adasaina ndi kampani ya I.R.S., n'kuitana katswiri wa ng'oma Cozy Powell, yemwe adatchuka kale ndi gulu la Rainbow. Awiriwa ndiwo adayang'anira ntchito yojambula. Geoff Nicholls adali pa kiyibodi, pomwe gitala ya besi adaimba Laurence Cottle, munthu wa jazz yemwe adangolembedwa ganyu.

Chomwe chidatuluka n'chodabwitsa. Nyimbo ya Headless Cross imayamba ndi ng'oma za Powell, zolemera ngati munthu akusinja pamtondo waukulu, kenaka gitala ya Iommi n'kulowa mosafulumira. Iommi uja adaduka nsonga za zala ziwiri m'fakitale ali ndi zaka 17, ndipo kuyambira kale mphamvu yake siidali pa liwiro koma pa kulemera kwa mawu a gitala. Pamwamba pa zonsezo pamabwera Martin, mawu ake okwera, oyera, osanjenjemera. Ozzy sakadafika pamenepo, ndipo ndikukhulupirira mwini wake akadavomereza.

Koma nyimbo yomwe imandigwira mtima ndi When Death Calls. Imayamba mwakachetechete, ngati m'nyumba ya maliro m'bandakucha anthu atatopa ndi kuimba. Imakwera pang'onopang'ono mpaka kuphulika, ndipo pakati pake pamalowa gitala ya mlendo, Brian May wa gulu la Queen, bwenzi la Iommi la nthawi yaitali. Simufunika kuuzidwa kuti wasintha ndi munthu. Kalizidwe kake kamadziwika kokha. Ndaimvera kambirimbiri ndipo sindinaipezebe poipa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, awerengi, mwakwinya kale nkhope poona dzina la gululi ndi la chimbalechi. Mtanda wopanda mutu? Dzinali ndi la dera lina m'tauni ya Redditch, kufupi ndi Birmingham, ndipo Martin adafotokoza kuti nyimboyo imakamba za anthu a m'mudzi omwe mliri udawagwera kalekale. Zoona, mawu a m'chimbalechi amatchula Satana, imfa ndi mizimu pafupifupi m'nyimbo iliyonse. Kwa ine vuto lake si lakuti amalambira mdima, chifukwa nkhani zake n'zoopseza, zonga nthano za afiti zomwe tinkauzana madzulo. Vuto n'lakuti Martin adachulutsa gaga m'diwa. Ukafika pa Call of the Wild umayamba kufuna nkhani ina. Nayo kiyibodi penapake imakukumbutsa kuti izi zidajambulidwa m'zaka za m'ma 1980.

Nanga chidagwa bwanji? Ku Britain chidafika pa nambala 31, ku America pa 115 pokha. Iommi wakhala akudandaula kuti ku America anthu sankachipeza m'masitolo, ndipo ulendo wokaimba kumeneko udathera panjira matikiti atakanika kugulidwa. Achinyamata nthawiyo mitima idali kwa Metallica ndi Guns N' Roses. Ku Ulaya zidayendako bwino, moti kumapeto kwa 1989 gululi lidakaimba ku Moscow ndi Leningrad, Soviet Union isadagwe.

Chopweteka kwambiri chidadza pambuyo pake. Oyamba aja atabwererana mu 1997, nyimbo za nthawi ya Martin zidasiyidwa ngati sizidakhaleko. Kwa zaka zambiri chimbalechi sichinkapezeka m'masitolo kapena pa Spotify. Ofuna kumvera ankadalira makaseti akale ndi zomwe anthu adaika pa YouTube. Mu May 2024 m'pomwe chidatulukanso, m'bokosi lotchedwa Anno Domini 1989–1995, pamodzi ndi Tyr, Cross Purposes ndi Forbidden.

Cozy Powell sadazione zimenezo. Adamwalira pangozi ya galimoto kufupi ndi Bristol mu April 1998. Mukachipeza chimbalechi, musathamangire kuzimitsa chisanathe: nyimbo yotsiriza, Nightwing, ndi momwe Cottle, waganyu uja, amamveka bwino zedi.