Kukonzekeretsa Ana Mafunso Omvetsera pa Mayeso a Nyimbo

Pa mayeso omvetsera, nyimbo imaimbidwa kaŵiri kapena katatu basi, kenaka mwana ayankhe zimene wamva. Funso lolembedwa limamdikira mwana, koma nyimbo siidikira munthu. Tsono ife aphunzitsi tiyenera kumphunzitsa kugaŵira makutu ake ntchito.

Ana athu a m'boma la Chiradzulu amakulira m'nyimbo. Amamva ng'oma za tchopa, gule wa Alomwe amene bungwe la UNESCO linamlemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe m'chaka cha 2014, ndiponso makwaya a m'matchalitchi, monga ku P.I.M. ndi ku Nguludi. Koma kuzoloŵera kumeneku ndiko msampha. Mwana akamva nyimbo imene aidziŵa amayamba kuimba nayo chamumtima, natsata mau ake okha. Ikatha, tikamfunsa kuti munalira ng'oma zingati, amangoti kukamwa yasa.

Nyimbo isanayambe aŵerenge mafunso onse, adziŵe chimene akusaka. Ulendo woyamba asagwire pensulo. Azingogogoda chala pabondo kuti apeze kugunda kwa nyimbo, ngati ikuthamanga kapena ikuyenda modekha. Apa ambiri amasokonezeka, pakuti m'magule athu kaŵirikaŵiri manja amaomba katatu pomwe ng'oma yagunda kaŵiri. Tiwauze asankhe chimodzi, achitsate mpaka kumapeto.

Ulendo wachiŵiri ndi wa zoimbira ndi oimba. Kaligo amamuliza pokwecha nsambo yake ndi kauta, kotero liu lake limakoka osaduka. Bangwe amamuliza ndi zala, ndipo liu lake silichedwa kuzilala. Kwa oimba, amvetsere ngati pali woyambitsa ndi ovomera, kapena onse akuimbira pamodzi monga kwaya. M'mbali mwa pepala alembe zizindikiro chabe: A pa chigawo choyamba, B pa chosiyana nacho, A chikabwereranso. Ziganizo alembe nyimbo itatha, popeza wolemba chiganizo amaleka kumva. Ulendo wachitatu, ngati ulipo, ndi wotsimikiza mayankho okayikitsa.

Yankho lakuti "nyimbo yokoma" tisalilandire, chifukwa silitchula chimene chamveka. Mwana anene kuti oimba ndi amayi, kapena kuti ng'oma zinaloŵa pambuyo pa woyambitsa.

Luso limeneli silifuna wailesi. Mphindi 5 pa phunziro lililonse, ana atsinzine, ife tilize ng'oma, chisekese kapena botolo, iwo atchule chimene chalira ndiponso kuti chalira kangati.