Hilux ya amalume yayambanso kuona usiku

Amene amagula kachewere pa Lizulu amaidziwa Hilux yoyera ya amalume anga. Injini yake, 5L ya dizilo, sidandaula ngakhale muisenzetse matumba mpaka kumbuyo kugwada. Koma kufikira posachedwa, dzuwa likangolowa galimotoyo inkachita khungu. Nyali ya kumanja inkayaka chikasu ngati koloboyi wotha parafini, ya kumanzere inkaphethira pa hampu iliyonse, ndipo ma fog light a pabampa anali atafa kalekale, akangaude atamangamo nyumba.

Msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza suyendeka ndi maso otere. M'miyezi ya June ndi July chifunga chimatsika m'mapiri n'kukhala pa tala penipeni, ndipo m'mbali mwake mumayenda anjinga opanda nyali, ngolo za ng'ombe, amayi osenza madengu olawirira kumsika. Amalume ankazemba zonsezi potsatira nyali zofiira za malole, ndipo lole ikapatuka ankaima n'kudikira ina. Kenaka analekeratu kunyamuka m'mbandakucha. Ankafika ku Lilongwe dzuwa litakwera, ogula ambiri atatenga kale katundu kwa anzawo.

Mankhwala amene ankawadziwa anali amodzi, kugula babu lina. Nyali za galimotoyi zimadya babu la H4, la timiyendo titatu, lomwe lili ndi timawaya tiwiri m'kati: ka fulu ka ma watt 60 ndi ka dimu ka ma watt 55. Wogulitsa wina atawauza kuti mababu a 100/90 ndiwo athetse mdimawo, anawagula mosangalala. Kuwala kunangoonjezekera pang'ono, kenaka kunachepa kuposa kale, ndipo pansi pa boneti panayamba kumveka fungo la pulasitiki wopserera.

Amene anasintha zinthu ndi mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, yemwe akuphunzira za magetsi a galimoto pa sukulu ya ntchito zamanja. Atabwera kutchuthi anatulutsa multimeter m'chikwama, natsegula boneti. Babu sanalikhudze n'komwe. Anayamba wayeza batire injini ili chete, ma volt 12.6, kusonyeza kuti ndi lodzaza.

"Bambo, tailizani, muyatsenso dimu."

Injini ikulira, batire linaonetsa 14.2, choncho alternator inalibe mlandu. Atasamutsira timawaya ta mita pa miyendo ya babu, nambala inagwa kufika 11.3. Anandikodola kuti ndidzaone ndekha, nkhope yake ikuwala ndi chimwemwe. Ma volt pafupifupi atatu ankathera m'njira, osafika pa babu. Apa mpamene panagona nkhani yonse, chifukwa babu la halogen silichedwa kufooka: mukalichepetsera magetsi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, limataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake. Babu la amalume linkamanidwa oposa pamenepo kawiri.

Anayamba kulondola njira ya magetsiwo malo ndi malo. Masoketi onse awiri anali atasungunuka m'mbali, timapini tili bii. Babu la ma watt 100 limakoka ma amp oposa 8, pomwe mawaya ndi masoketi a galimotoyi anawapangira ma amp pafupifupi 5. Kutenthako kumafewetsa pini, pini yofewa sigwira zolimba, ndipo polumikiza pakagwedera pamatentha koposa. Ndiye kuphethira kuja kwa pa hampu. Anandisonyezanso chinthu chimene chimasokoneza amisiri ambiri pa ma Hilux a mtundu uwu: mababu amalandira positive onse pamodzi, ndipo switchi ya pa chiwongolero imadula mbali ya negative. Magetsi onse a nyali amadutsa pa timano tating'ono ta m'switchi yosinthira fulu ndi dimu, ndipo timanoto tinali titapsa. Mmisiri wosadziwa zimenezi amapeza magetsi pa miyendo ya soketi, n'kunena kuti zonse zili bwino.

Anatsuka timanoto, nadula masoketi opsa n'kuika a ceramic. Kenaka anayala mawaya onenepa kuchokera pa batire, kudzera pa fyuzi ndi ma relay awiri, wina wa dimu wina wa fulu. Relay ndi kabokosi kosavuta kukamvetsa: pa miyendo ya 85 ndi 86 pamalowa magetsi ochepa ochokera ku switchi, ndipo iwowo amatseka njira yaikulu pakati pa 30 ndi 87. Tsopano switchi imangolamula, katundu wolemera amasenza ndi relay. Anabwezeretsa mababu a 60/55, atawagwira ndi kansalu koyera, poti mafuta a m'zala amaphetsa msanga galasi la halogen. Atayezanso pa babu, mita inati 13.9.

Ma fog light anali ndi matenda awiri. M'malo mwa fyuzi ya buluu ya ma amp 15, munthu wina anakulungamo kawaya ka kopa, chizolowezi chimene ndimadana nacho ndi mtima wonse, chifukwa fyuzi imaphulika kuti galimoto isapse, ndipo kawaya kotero sikaphulika. Chimene chinkaphulitsa fyuziyo chinapezeka kuseri kwa bampa: waya anali atakhulika pa chitsulo n'kusupuka, kenaka n'kuduka. Matenda achiwiri anali pa bawuti ya earth, yomwe dzimbiri ndi matope a mvula zinaikuta. Anaimasula ndi sipanala ya 10, napala chitsulo mpaka mbee, namanganso n'kupaka girisi pamwamba. Anayatsa paking'i, nadina batani, relay inati tha! Nyali ziwiri zija zinayaka pamodzi. Azakhali anatuluka m'khitchini mthiko uli m'manja, akululuza.

Ntchito yopukuta magalasi anandipatsa ine. Ndi apulasitiki, ndipo dzuwa linawawaula mpaka kuchita chikasu. Ndinayamba ndi sandipepala wa 800 wonyika m'madzi, kenaka 1500, kenaka 2000. Pakatikati galasi limayera ngati laonongekeratu, ndipo amalume anagwira pakamwa. Polishi atangodutsa, babu linayamba kuoneka m'katimo ngwee. Tinapaka mankhwala oteteza ku dzuwa, apo ayi chikasu chimabwerera pakangopita miyezi.

Chotsiriza chinali kulunjika nyali. Mdima utagwa tinaimika galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pa khoma, ndipo msuweni anaumirira kuti tikwezemo matumba kaye, popeza kumbuyo kukalemera mphuno imadzuka n'kumathobwa m'maso obwera kutsogolo. Anapotokola timasikulu ta kuseri kwa nyali mpaka malire a kuwala kwa dimu anatsika masentimita 10 pansi pa msinkhu wa babu, mbali ya kumanzere itakwererako kuti iunikire oyenda m'mphepete. Ma fog light anawagonetsa pansi kwambiri. Ntchito yawo ndi kulowa kunsi kwa chifunga, pomwe fulu imagunda timadontho ta madzi n'kubwerera m'maso mwa dalaivala.

M'mbandakucha tinakwera tonse atatu, chifunga chili tolotolo cha ku Bembeke. Mzere wa pakati pa msewu unkaoneka, malire a tala ankaoneka, ndipo wanjinga wonyamula makala tinamuona ali kutali, amalume n'kumulambalala mwaulemu osaponda buleki modzidzimuka. Anaseka mpaka kumenya chiwongolero.

"Mwanawe, nanga msewu uwu unali waukulu chonchi nthawi yonseyi?"

"Ndi womwewo, bambo. Ikani dimu, kukubwera basi."

Tinalowa mu Lilongwe kusanache bwinobwino, ndipo matumba onse anatha ogula akulimbirana. Ndalama zonse za mawaya, ma relay, masoketi ndi mababu zinabwerera pa ulendo womwewo. Pobwerera amalume ankaimika mnzawo aliyense wa pikapu kumuonetsa magalasi, ndipo pofika Loweruka pabwalo pawo panali pataima Isuzu ndi Nissan Hardbody, eni ake atatsegula kale maboneti akudikira kuti msuweni amalize kumwa tiyi.